MBILI YA A LEVI STRAUSS, ENI DZINA LA PA BULUKU LA JINZI

Ndi ocepa pakati pathu amene sanaonepo buluku la jinzi. Ku Soweto mu Lusaka, pa msika wa Kapata ku Chipata, ngakhale kumudzi pa tsiku la msika, belo la salaula likangotsegulidwa jinzi ndiyo imayamba kutha. Anyamata amalimila, atsikana amachenela, ndipo m'mipingo yathu nkhani ya azimai ovala jinzi yakhala ikuutsa mikangano. Koma ndi angati mwa ife amene adziwa kumene covala cimeneci cinacokela? Pa kacikopa ka kumbuyo kwa majinzi ena pamalembedwa dzina lakuti Levi Strauss. Lelo tati tikuuzeni za munthu ameneyu, pakuti mbili yao ili ndi phunzilo kwa mlimi, kwa wamalonda ndi kwa mai amene afuna kugula covala cokhalitsa.

A Levi Strauss anabadwa pa 26 February, 1829, m'mudzi wa Buttenheim m'dela la Bavaria, limene lelo lili m'dziko la Germany. Dzina lao la paubwana linali Löb. Atate ao, a Hirsch Strauss, anali kuyenda mudzi ndi mudzi kugulitsa nsalu ndi tinthu tina twa m'nyumba. Amai ao anali a Rebecca. Banjali linali la Ayuda, ndipo masiku amenewo Myuda ku Bavaria analibe ufulu weniweni. Lamulo la caka ca 1813 linaika malile pa ciwelengelo ca mabanja a Ayuda ololedwa kukhala m'mudzi uliwonse. Motelo mnyamata sanali kutha kukwatila ndi kumanga banja lake kufikila malo atapezeka, ndipo kawili-kawili malowo anali kupezeka wina akamwalila.

M'caka ca 1846 a Hirsch anamwalila ndi cifuwa cacikulu ca TB. Mai wamasiye uja anaona kuti ana ake alibe tsogolo m'mudzimo. Motelo Löb asanakwanitse zaka 20, anakwela combo pamodzi ndi amai ake ndi alongo ake kupita ku New York m'dziko la America. Kumeneko akulu ake awili, Jonas ndi Louis, anali atatsegula kale sitolo ya nsalu. Kwa iwo ndiko kumene anaphunzila malonda ndi Cizungu, ndipo ndi ku America komweko kumene anayamba kudziwika ndi dzina lakuti Levi.

Pa nthawi imeneyo America yense anali kukamba za golide. Mu January 1848 golide anapezeka ku California, ndipo anthu anasiya minda, masitolo ndi mabanja kuthamangila kumeneko. San Francisco, kamene kanali katauni ka anthu pafupi-fupi 1,000, kanafika pa anthu 25,000 m'zaka ziwili cabe. Mu January 1853 a Strauss analandila unzika wa America, ndipo mu March caka comweco anafika ku San Francisco kudzela njila ya ku Panama. Iwo sanapite ndi khasu kapena piki. Anaona kuti mwa okumba golide olemela adzakhala ocepa, koma onse adzafuna malaya, mabulangeti, nsalu, ulusi ndi singano. Anatsegula sitolo yaikulu kumene eni masitolo ang'ono-ang'ono a ku migodi anali kubwela kudzaoda katundu. Pambuyo pake anagwilizana ndi mlamu wao, a David Stern, amene anakwatila mlongo wao Fanny.

Pali nkhani imene imakambidwa kwambili yakuti a Strauss atangofika ku California anayamba kudula nsalu za matenti ndi kusokela mabuluku anthu a m'migodi. Ofufuza mbili anapeza kuti imeneyi ndi nthano cabe. Kwa zaka 20 a Strauss anali wamalonda wogulitsa katundu wopangidwa ndi ena. Nzelu ya jinzi inacokela kwa munthu wina wosauka.

Munthuyo anali a Jacob Davis, telala wobadwila ku Riga m'caka ca 1831, amene anayesa nchito zosiyana-siyana popanda kuphula kanthu, kufikila anakhazikika m'tauni ya Reno ku Nevada. Anali kusoka matenti, zophimbila ngolo ndi mabulangeti a akavalo, ndipo nsalu anali kuoda kwa a Strauss. Ca kumapeto kwa 1870 kunabwela mai wina amene mwamuna wake anali wodula nkhuni, munthu wa thupi lalikulu. Maiyo anadandaula kuti mabuluku a mwamuna wake sacedwa kung'ambika. Analipila madola 3 kuti amusokele lolimba. A Davis anatenga nsalu yocindikala ya thonje, ndipo atatha kusoka anaona timisomali twa mkuwa tumene anali kumangila zingwe pa mabulangeti a akavalo. Anatukhomela m'makona a matumba ndi m'malo ena amene nsalu imakokeka kwambili munthu akamagwila nchito. Buluku lija silinang'ambike.

Mbili inafala. Odula mitengo, oyendetsa ngolo ndi a m'migodi anayamba kufuna mabuluku a misomali, ndipo a Davis anaopa kuti atelala anzao adzawabela luso. Ku America munthu amene watulukila cinthu catsopano amakalembetsa ku boma ndi kulandila cikalata cochedwa patenti, cimene cimaletsa ena kupanga cinthuco kwa zaka zingapo. Koma kulembetsako kunafuna ndalama zimene telala wa ana ambili analibe. M'caka ca 1872 analembela kalata a Strauss. Anawaululila cinsinsi conse, ndi kuwapempha kuti alipile ndalamazo kuti phindu agawane.

Apa ndi pamene tionela mtima wa munthu. A Davis anali kutali, ndipo cinsinsi cao cinali kale m'manja mwa munthu wolemela. A Strauss akanatha kuyankha kuti alibe nazo nchito, kenaka n'kuyamba kusoka okha mwakacetecete. Ife alimi tidziwa bwino mmene zimakhalila wosauka akagwa m'manja mwa wandalama: sikelo imapendekeka, ndipo mtengo umasintha thonje lili kale pa ngolo. A Strauss sanatelo. Analipila ndalama zija, ndipo pa 20 May, 1873, boma la America linatulutsa patenti nambala 139,121 yokhala ndi dzina la a Jacob Davis pamodzi ndi la kampani ya Levi Strauss. Tsiku limeneli ndilo limawelengedwa kuti ndi tsiku lobadwa la jinzi. A Davis anasamukila ku San Francisco ndi banja lao, ndipo anapatsidwa udindo woyang'anila nchito yosoka. Anakhala pa nchito imeneyi kufikila ukalamba wao, ndipo anamwalila m'caka ca 1908. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Wina anali ndi luso, wina anali ndi ndalama ndi msika, ndipo popeza sanadyelane masuku pamutu onse awili anapindula.

Mabuluku oyamba anali a mitundu iwili: a nsalu yofiilila yonga ya tenti, ndi a nsalu yabuluu yochedwa denim, yocokela ku fakitale ya Amoskeag ku New Hampshire. Denim ndi thonje lokha-lokha, lofanana ndi limene tilima ku Katete, Petauke ndi Mumbwa. Ulusi wa m'litali umanyikidwa mu utoto wabuluu, koma wopingasa umasiyidwa woyela. N'cifukwa cake jinzi imakhala yabuluu kunja, yoyelela mkati, ndipo imasuluka pang'ono-pang'ono poicapa. Ogula anakonda denim cifukwa imafewa ikamakalamba koma osatha msanga. Osoka ambili anali azimai, ndipo ena anali kubwela ndi makina ao osokela. M'caka ca 1886 kampani inayamba kuika kacikopa ka cithunzi ca akavalo awili okoka buluku mbali ndi mbali, kuti ngakhale wosadziwa kuwelenga aziizindikila m'sitolo. M'caka ca 1890 patenti inatha mphamvu ndipo ena anayamba kusoka majinzi ao. Caka comweco buluku loyambilila lija linapatsidwa nambala 501, imene likali nayo mpaka lelo.

Mbili imeneyi ili ndi banga lake, ndipo sitilibisa. M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 ku California kunali cidani cacikulu ndi anthu ocokela ku China, amene anali kunenedwa kuti alanda azungu nchito, mwakuti mu 1882 boma linaletsa anchito a ku China kulowa m'dzikomo. Kampani ya a Strauss inatengeka ndi mphepo imeneyi, ndipo inafika polengeza kuti mabuluku ake amasokedwa ndi azungu okha. N'zacisoni kuti munthu amene anathawa tsankho kwao sanaime nji pamene tsankho linagwela anzake.

A Strauss sanakwatile ndipo analibe mwana. Anali kukhala ndi banja la mlongo wao Fanny, ndipo ana a mlongo wao ndiwo anawaphunzitsa malonda. Anali kupemphela ku sunagoge wa Emanu-El, ndipo dzanja lao linali lotambasuka kwa ana amasiye ndi okalamba. M'caka ca 1897 anapeleka ndalama zolipilila ophunzila 28 pa yunivesiti ya California ku Berkeley. Anamwalila pa 26 September, 1902, ali ndi zaka 73, ndipo anasiya cuma ca pafupi-fupi madola 6 miliyoni. Kampani anasiyila adzukulu ao anai, Jacob, Sigmund, Louis ndi Abraham Stern. M'kalata ya masiye anagawila ndalama nyumba ya ana amasiye ya Ayuda, komanso ya Akatolika ndi ya Apulotesitanti. Kwa iwo mwana wamasiye anali wamasiye, kaya apemphela kuti. Mu April 1906 civomezi ndi moto zinaononga San Francisco pamodzi ndi maofesi ndi mafakitale a kampaniyo. Adzukulu aja anapitiliza kulipila anchito pamene anali kumanganso, ndipo anapatsa ngongole eni masitolo amene katundu wao anapsa.

Nanga jinzi ya azimai inayamba liti? A Strauss sanaione. Kwa zaka zambili azimai a m'mafamu a ng'ombe kumadzulo kwa America anali kubweleka mabuluku a amuna ao kapena a alongo ao pokakwela akavalo ndi pogwila nchito za m'khola. Koma buluku losokedwela mwamuna silikhala bwino pa thupi la mkazi: likakwana m'matako limakhwepa m'ciuno. M'caka ca 1934, patapita zaka 32 a Strauss atamwalila, kampani inatulutsa jinzi yoyamba yosokedwela azimai, yochedwa Lady Levi's, nambala 701. Inali yokwela ndi yothina pang'ono m'ciuno, ndiponso yotakasuka m'matako ndi m'nchafu. Conco jinzi ya azimai inayamba ngati covala ca nchito ca azimai a pa famu. Za fashoni zinabwela pambuyo, kudzela m'mamagazini ndi m'mafilimu. Kuno kwathu buluku la mkazi linacedwa kulandilidwa. Anzathu a ku Malawi anali ndi lamulo loletsa azimai kuvala mabuluku kucokela mu 1973 mpaka 1993.

Sitili pano kuti tiweluze mkangano wa m'mipingo. Malo alionse ali ndi ulemu wake, ndipo mai wanzelu adziwa kuti ku malilo, ku chalichi ndi kwa apongozi citenje sicisiyidwa. Koma kwa amai ndi atsikana amene agula jinzi, mbili imeneyi itipatsa poyambila. Mai wa ku Reno uja anafuna covala cokwana mwini wake ndiponso cosang'ambika, ndipo zimenezi ndizo zofunika kuona coyamba ngakhale lelo. Musakhulupilile nambala yolembedwa mkati, cifukwa za m'belo zimacokela m'maiko osiyana ndipo saizi zao sizifanana. Kuzunguliza ciuno ca jinzi m'khosi, monga ticitila pa salaula, kumangopeleka cithunzi cabe. Ngati mpata ulipo valani, khalani pansi, welamani ngati mutola nkhuni. Ikatsika kumbuyo kapena kukuthinani m'mimba, si yanu, ngakhale ikongole motani. Amene ali ndi ciuno caching'ono koma matako akulu imawakhala bwino ndi yokwela m'ciuno, monga ija ya 1934.

Itembenuzeninso kuti muone msoko. Yang'anani pakati pa nchafu pamene nsalu imayamba kutha, yesani zipi kangapo, ndipo kokani m'makona a matumba. Jinzi yotamuka ngati mphila imakoma kuvala koma sicedwa kukhwepa, pamene ya thonje lokha-lokha imakhala zaka. Dzina la pa kacikopa lisakunyengeni, pakuti zabodza zilipo zambili. Pocapa itembenuzeni, muicape payokha cifukwa imatulutsa utoto, ndipo muiyanike pa mthunzi. Ndalama ya mlimi imabwela kamodzi pa caka, conco ndi bwino kugula imodzi yolimba kusiyana ndi zitatu zochipa zimene sizifika ku dzinja.

Nyumba imene a Strauss anabadwilamo ku Buttenheim inasandutsidwa malo osungilamo mbili yao m'caka ca 2000, ndipo alendo amapita kukaiona. Ambili mwa amene anathamangila golide ku California anaiwalika kale-kale, koma dzina la mwana wamasiye amene anagulitsa nsalu ndi singano likali kuchulidwa patapita zaka zoposa 120 cimwalilile. Ife amene tili m'makopaletivu, m'magulu a cilimba ndi m'makomiti a mpingo tingacite bwino kukumbukila kalata ija ya 1872. Tsiku lina mnzathu wosauka adzabwela kwa ife ndi nzelu yake kapena thukuta lake, alibe comutetezela koma cikhulupililo cakuti ndife anthu oona mtima. Tikadzamucitila cilungamo monga anacitila a Strauss kwa a Davis, sitidzataya kanthu.