Charlie Chaplin, mwana wosauka amene anaseketsa dziko lonse

Kutali kwambiri, kutsidya kwa nyanja yaikulu, kuli dziko la England. Mzinda wake waukulu ndi London. Mu mzinda umenewu munabadwa mwana wamwamuna pa 16 Epulo 1889. Dzina lake linali Charles Chaplin, koma onse ankamuitana Charlie.

Bambo ake ndi mayi ake anali oimba. Madzulo ankaimba m'nyumba za masewero, ndipo anthu ankalipira ndalama kuti awamvere. Dzina la mayi ake linali a Hannah. Charlie anali ndi mkulu wake, Sydney, amene anamuposa ndi zaka 4.

Charlie akali wamng'ono, bambo ake anacoka pakhomo. Iwo ankamwa mowa kwambiri ndipo sankathandiza banja. Mayi anatsala okha ndi ana.

Nyimbo yoyamba

Charlie atakula anasimba yekha za tsiku limene anayamba kuimba pagulu. Anali ndi zaka 5. Mayi ake ankaimbira asilikali m'tauni ya Aldershot. Pakati pa nyimbo mawu awo anasasa. Asilikali anayamba kuwakuwiza, ndipo mayi anatsika pansanja.

Mkulu wa masewero anagwira Charlie padzanja n'kumuimika pamaso pa anthu. Charlie anaimba. Anthu anakondwa, naponya makobidi pansanja. Iye anasiya kuimba n'kuyamba kutola makobidiwo. Anthu onse anafa nako kuseka. Atatha kutola, anapitiriza nyimbo yake.

Masiku a njala

Mawu a mayi sanabwererenso. Iwo anayamba kusoka zovala za anthu ndi makina, koma ndalama zinali zocepa. Masiku ena m'nyumba munalibe cakudya.

Ngakhale zinali comweco, mayi ankasangalatsa ana awo. Ankakhala pazenera n'kumayang'ana anthu odutsa mumsewu. Ankatsanzira kayendedwe kawo ndi nkhope zawo. Charlie ankapenyetsetsa. Umu ndi mmene anaphunzirira kulankhula ndi manja, maso ndi mapazi.

Mu 1896 umphawi unakula. Banja lonse linalowa m'nyumba ya amphawi ya ku Lambeth. Kumeneko ana anawalekanitsa ndi mayi awo. Charlie anali ndi zaka 7. Pambuyo pake iye ndi Sydney anawatumiza kusukulu ya ana amasiye ndi osauka ku Hanwell.

Mu 1898 mayi anadwala matenda a maganizo ndipo anawagoneka m'cipatala. Matendawa ankapita n'kubweranso. Mu 1901 bambo ake anamwalira. Charlie anali ndi zaka 12.

Kuvina ndi kusewera

Ali ndi zaka 9, Charlie analowa m'gulu la anyamata ovina, dzina lake Eight Lancashire Lads. Ankavina atavala nsapato za thabwa kunsi, zimene zinkalira ngati ng'oma. Gululi linkayenda m'matauni ambiri. Cifukwa ca maulendo amenewa Charlie sanaphunzire bwino. Anasiya sukulu ali ndi zaka 13. Anagwira nchito zosiyanasiyana, monga kugulitsa manyuzipepala mumsewu.

Ali ndi zaka 14 anapeza malo m'sewero. Anamupatsa mapepala a mawu oti akalankhule pansanja. Apa panali vuto, cifukwa Charlie ankawerenga movutikira kwambiri. Anapita nawo mapepalawo kwa mkulu wake. Sydney ankamuwerengera mokweza, Charlie n'kumabwereza, mpaka mawu onse analowa m'mutu. Kenaka anasewera ngati Billy, kamnyamata kotumikira, m'sewero la Sherlock Holmes kwa zaka zoposa 2.

Charlie anaona kuti kusadziwa kuwerenga kukanamutayitsa nchito. Atakula ankagula mabuku n'kumadziphunzitsa yekha mawu atsopano.

Mu 1908 Sydney anamupezera malo m'gulu la a Fred Karno, la masewero oseketsa. Charlie ankasewera ngati munthu woledzera amene akudzandira ndi kugwa. Mu 1910 gululi linakwera sitima ya pamadzi kupita ku America.

Munthu wa cipewa ndi ndodo

Ku America anthu opanga mafilimu anamuona akusewera. Kampani ya Keystone inamulemba nchito, ndipo inkamulipira madola 150 pa sabata. Mafilimu ake oyamba anatuluka mu 1914.

Tsiku lina anamuuza kuti avale zoseketsa. Charlie anavala buluku lalikulu ndi jekete yothina. Anavala kacipewa kakang'ono ndi nsapato zikuluzikulu. Anamata tindevu pansi pa mphuno, natenga kandodo m'manja. Anayamba kuyenda zala za kumapazi zitaloza kunja, ngati bakha.

Munthu ameneyu m'filimu anali mmphawi wopanda nyumba. Zovala zake zinali nsanza, koma ankavula cipewa popereka moni. Apolisi ankamuthamangitsa. Anthu amphamvu ankamukankha. Iye akagwa ankadzuka, n'kusasa fumbi, n'kumapitiriza ulendo.

Mafilimu a nthawi imeneyo analibe mawu. Zinali zithunzi zoyenda cabe. Charlie ankasimba nkhani yonse ndi thupi lake, monga mmene mayi ake ankacitira pazenera paja. Cotero munthu wa cinenero ciliconse ankamva nkhaniyo. Anachuka m'maiko ambiri. Ku France ndi ku Portugal ankamuitana Charlot.

Sanaiwale kumene anacokera

Charlie analemera kwambiri. Anamanga malo akeake opangira mafilimu. Ankalemba yekha nkhani, kusewera, ndi kutsogolera osewera anzake. Pambuyo pake ankapekanso nyimbo za m'mafilimu ake. Koma nkhani zake zambiri zinali za anthu osauka.

Mu 1921 anatulutsa filimu ya The Kid, kutanthauza Mwana. Mmphawi uja amatola khanda lotayidwa n'kulilera. Mwanayo atakula pang'ono, anthu amabwera ndi galimoto kudzamutenga kuti apite naye kunyumba ya ana amasiye. Mwana amalira atatambasula manja. Mmphawi amathamanga pamwamba pa madenga mpaka kumulanditsa. Charlie ankadziwa ululu wa mwana wolekanitsidwa ndi kholo lake. Caka comweco anaitanitsa mayi ake ku America. Anawapezera nyumba ndi anthu owasamalira, mpaka anamwalira mu 1928.

Mu 1925 anatulutsa The Gold Rush, nkhani ya anthu ofunafuna golide kudziko lozizira. Njala itavuta, mmphawi amaphika nsapato yake mumphika. Amaiika m'mbale, n'kumaidya ndi mpeni ndi foloko. Misomali ya nsapatoyo amaiyamwa ngati mafupa a nkhuku. Anthu ankaseka, koma wopanga filimuyo njala ankaidziwa kuyambira ali mwana.

Mu 1940, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ili mkati, anatulutsa The Great Dictator. Mu filimuyi anaseka Adolf Hitler, wolamulira wankhanza wa Germany. Imeneyi inali filimu yake yoyamba yolankhula, ndipo kumapeto kwake anapempha anthu kuti asiye cidani.

Zaka zomaliza

Charlie anakhala ku America zaka zambiri, koma sanasiye kukhala nzika ya Britain. Akuluakulu ena a boma la America sankakondwa ndi maganizo ake pa ndale. Mu 1952, iye ali pa ulendo wopita ku London, boma linamulanda cilolezo cobwerera. Iye ndi mkazi wake Oona anakakhala ku Switzerland, m'mudzi wa Corsier-sur-Vevey. Awiriwa anabereka ana 8.

Mu 1964 anatulutsa buku la mbiri ya moyo wake. Mnyamata uja amene ankalephera kuwerenga mapepala a sewero analemba buku lalikulu.

Mu 1972 anamuitana ku America kudzalandira mphoto yaulemu ya Oscar. Anthu anaimirira n'kumuwombera m'manja kwa mphindi 12. Mu 1975 Mfumukazi Elizabeth II inamupatsa ulemu wa dzina la Sir.

Charlie Chaplin anamwalira pa tsiku la Khirisimasi, 25 Disembala 1977, ali ndi zaka 88. Kuyambira mu 2016 nyumba yake ya ku Switzerland ndi malo osungira mbiri yake. Ana ndi akulu amaonerabe mafilimu ake mpaka lero.

Mafunso

1. Kodi Charlie anabadwira mu mzinda uti?
2. Kodi anaphunzira ciyani kwa mayi ake?
3. Kodi Sydney anamuthandiza bwanji mng'ono wake?
4. Cifukwa ciyani anthu a zinenero zonse ankamva mafilimu ake?
5. Jambulani Charlie ndi cipewa, ndodo ndi nsapato zake. Kenaka sonyezani anzanu, osalankhula, munthu amene ali ndi njala.