George Pauling, Mmisiri Amene Njanji Yake Inatilambalala

Ife a kum'mawa kuno tinadikira njanji zaka zoposa 100. Anzathu a ku Livingstone, Lusaka ndi Kabwe anayamba kumva kulira kwa sitima makolo athu akali kusenza katundu pamutu kucokera ku Tete kufika ku Fort Jameson. Amene anayala njanji yawoyo ndi George Pauling.

Pauling anabadwira ku England mu 1854 ndipo anafika ku South Africa mu 1875 ali mnyamata wofuna nchito. Posakhalitsa anayamba kutenga makontrakiti akeake, nakhazikitsa kampani ya Pauling & Co. Anali munthu wamkulu thupi, wodziwika ndi mphamvu ndiponso kudya kwambiri. Cimene cinakondweretsa Cecil Rhodes cinali liwiro lake pa nchito.

Mu 1892 anayamba njanji ya ku Beira, m'madambo a malungo, kumene anchito ambiri, akuda ndi azungu omwe, anatsirizika. Njanji yocokera kum'mwera anaifikitsa ku Bulawayo mu 1897 ndi ku Victoria Falls mu 1904. Mlatho wa pa Zambezi unamangidwa ndi kampani ina, Cleveland Bridge, koma iye sanaudikire: zitsulo zinaoloka pa cingwe, nchito nipitirira kutsidya. Lusaka inayamba mu 1905 ngati poima sitima cabe. Mu 1906 njanji inafika ku Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, ndipo mu 1909 inakhudza malire a Congo.

Njanjiyo inali kulondola migodi. Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia, inasiyidwa kutali, ndipo mu 1911 ulikulu unapita ku Livingstone. Pauling anamwalira ku Effingham, England, pa 10 February 1919. Ife sitima inatifikira mu 2010 kudzera ku Mchinji.

Mbiri imeneyi ikusungidwa mbali ziwiri. Ku Livingstone kuli Railway Museum, pamalo pamene kale panali kukonzedwa mainjini a Zambezi Sawmills. Injini imodzi ya njanji ya Mulobezi, yopangidwa ku Glasgow mu 1896, a Kenneth Kaunda anaipereka kwa wojambula zithunzi David Shepherd m'zaka za m'ma 1970. Inabwerera ku Britain, ndipo pambuyo pake inaperekedwa ku National Railway Museum.

Dzina la Pauling lili m'mabuku. Maina a anthu amene anakumba dothi ndi kusenza zitsulo mulibe. Pamene osunga mbiri a kuno ndi a ku Britain athandizana, tiwapempha kuti asamangopukuta mainjini, koma afufuzenso m'makalata akale za anchito amenewa. Nafenso a ku Chipata tiyambe lero kusunga zithunzi ndi maina a amene anamanga njanji yathu, akali ndi moyo.