Mark Twain: Mlembi Amene Adaleredwa ndi Mtsinje

Wophunzira wa ku Mzuzu amene watsegula buku la Mark Twain angaganize kuti wapeza nthabwala chabe. Komatu kuseri kwa nthabwalazo kuli munthu amene adaona ukapolo ndi maso ake, nalawanso umphawi ndi ngongole.

Dzina lake lenileni lidali Samuel Langhorne Clemens. Adabadwa pa 30 Novembala 1835 m'chigawo cha Missouri ku Amereka, nakulira ku Hannibal, m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi, kumene anthu akuda ankagulitsidwa ngati mbuzi. Bambo wake adamwalira m'chaka cha 1847, ndipo posakhalitsa mnyamatayo adasiya sukulu nayamba ntchito yosindikiza nyuzipepala. M'chaka cha 1859 adalandira chiphaso choyendetsera sitima zapamadzi, koma nkhondo yapachiweniweni ya 1861 idaimitsa ntchitoyo. Dzina lakuti Mark Twain adalitenga ku mfuu ya oyesa kuya kwa madzi, yosonyeza kuti madzi akwana mafiti 12.

Mabuku ake ali m'magulu awiri, ndipo ofunika kuwawerenga pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. M'gulu la nkhani zopeka muli The Adventures of Tom Sawyer la 1876 ndi Adventures of Huckleberry Finn la 1884. Lachiwirili likusimba za mwana wachizungu wothawa kwawo pamodzi ndi kapolo Jim. Mwanayo adaphunzitsidwa kuti kuthandiza kapolo kuthawa ndi tchimo, koma mtima wake ukukana kumpereka mnzakeyo. Tsono owerenga a kumpoto akumbukire kuti ukapolo sudali wa ku Amereka kokha: Mlozi adagonjetsedwa ku Karonga m'chaka cha 1895, patapita zaka 11 bukulo litatuluka.

M'gulu la nkhani zoona muli Life on the Mississippi la 1883, lofotokoza mtsinje womwewo umene Jim adathawirapo. Twain atataya chuma chake pa makina osindikizira amene adalephera, adagwa m'ngongole m'chaka cha 1894. Iye sadathawe. Adazungulira maiko nalankhula pamisonkhano kuti abweze zonse, ndipo mu 1896 adafika ku Durban, Johannesburg ndi Cape Town. Ulendowo udabala buku la Following the Equator la 1897, mmene adadzudzula Cecil Rhodes, mwini kampani imene inkapereka ndalama ku boma loyamba la Atsamunda m'dziko muno. Mu 1905 adalembanso zotsutsa nkhanza za Mfumu Leopold ku Congo.

Ngongole adaimaliza mu 1898, koma ukalamba wake udali wa maliro: mkazi wake ndi ana atatu mwa anayi adatsogola iye akali moyo. Adamwalira pa 21 Epulo 1910. Mphunzitsi amene apereka nkhani zopekazo osatchula zoonazi wapatsa ana ake nsima yopanda ndiwo.