Mbiri ya Dotolo David Livingstone, ndi Zimene Anazisunga Mumtima

Mudzi wa Blantyre, wokhala pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, unalandira dzina lache m'chaka cha 1876, pamene amishoni a Eklesia wa ku Scotland anamanga misasa yao m'dziko la mfumu Kapeni. Anautcha chotero pokumbukira mudzi wa kwao kumene anabadwira Dotolo David Livingstone. Za maulendo a munthu ameneyu ngakhale ana a sukulu azidziwa. Koma pali khalidwe lache lina limene silinenedwa kawiri kawiri, ndilo ili: ponena za Kristu, za mitsinje ndi za ukapolo anali ndi mau ambiri, koma pa zimene Mulungu anachita mumtima mwache anali wosunga pakamwa. Tiyeni abale, tione moyo wache ndi diso limenelo, pakuti nafenso tiyenera kudziwa nthawi yonena ndi nthawi yokhala chete.

Livingstone anabadwa pa 19 Marichi 1813, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Atate wache, a Neil, anali wogulitsa tiyi, ndi amache, a Agnes, anali mai wosamala banja m'umphawi. Pokhala ndi zaka 10 analowa nchito m'nyumba ya makina opota thonje, nagwira kuyambira 6 koloko mamawa kufikira 8 koloko usiku. Poweruka anamuka ku sukulu ya usiku, ndipo pobwera kunyumba anawerengabe kufikira amache atamlanda buku.

Ali ndi zaka ngati 12 anayamba kubvutika za moyo wache wosatha. Iye anayesa kuti sakhoza kulandira chikhululukiro kufikira atamva chizindikiro china chodabwitsa m'kati mwache, chimene Mzimu Woyera adzachichita. Analindira zaka zambiri, chizindikiro osafika, ndipo chiyembekezo chache chinazilala. Atayandikira zaka 20 anawerenga buku la Thomas Dick, nazindikira kuti chipulumutso chiri chaulere, ndi kuti munthu achilandira lero lomwe pokhulupirira Kristu, wosayamba wafunafuna zozizwa mumtima mwache. Pambuyo pache anafanizira kusandulika kumeneko ndi kuchira kwa munthu amene maso ache sanali kusiyanitsa maanga a zinthu.

Tsono taonani amene anawauza nkhani imeneyi. Pamene anapempha nchito kwa akulu a London Missionary Society, iwo anamfunsa za kutembenuka kwache, ndipo anawalembera zonse mosabisa, pakuti kunali kuyenera kuti omtuma amdziwe. Koma m'chaka cha 1857, atamveka dziko lonse la Britain, analemba buku la maulendo ache la masamba oposa 600, ndipo za kutembenukako anaikamo mizere yowerengeka chabe. Pomwepo anauza owerenga kuti sadzabwereranso ku nkhani ya moyo wache wa m'kati. Anthu zikwi zambiri akadakondwera kumva zimenezo, koma iye anaona kuti si malonda oyala pamsika.

Ataphunzira zausing'anga ku Glasgow ndi ku London, anaikidwa manja m'chaka cha 1840, nafika ku Kuruman, ku mishoni ya Robert Moffat, m'chaka cha 1841. M'chaka cha 1844, ali ku Mabotsa, mkango unamgwira paphewa nutswa fupa la mkono wache wamanzere. Mphunzitsi wina dzina lache Mebalwe anayesa kuuombera, mkango numsiya Dotolo nutembenukira iye, ndipo onse awiri anapulumuka. Munthu wina akadayenda nayo nkhani yotere m'misonkhano yonse, nakometsa ndi masomphenya. Livingstone analemba kuti adafuna kuisungira ana ache kuti adzawauze atakalamba, koma abwenzi anamkakamiza. Poifotokoza anangonena kuti sanamve ululu kapena mantha, koma dzanzi longa la khoswe wogwidwa ndi mphaka, ndi kuti ichi chioneka ngati chifundo cha Mlengi pa zolengedwa zache pa nthawi ya imfa. Sanaonjezepo kanthu kodzikweza nako.

M'chaka cha 1845 anakwatira Mary, mwana wa Moffat. Pambuyo pache anayenda ulendo wache waukuru, nafika ku Luanda, ku nyanja ya kumadzulo, m'chaka cha 1854, nabwereranso kutsata Zambezi kumka kum'mawa. Pa 14 Januwale 1856 anafika pamene Luangwa athira m'Zambezi, pafupi ndi Zumbo, ali ndi Amakololo oposa 100. Anthu a mfumu Mburuma, amene adaonapo kale zoipa za ogula akapolo, anamkayikira, ndipo kunaoneka kuti m'mawa mwache kudzakhala nkhondo. Usiku umenewo mtima wache unagwedezeka ndithu, naganiza zooloka mobisika mumdima. Koma anatsegula Uthenga Wabwino wa Mateyu pa mutu wotsiriza, pamene Ambuye alonjeza kukhala pamodzi ndi atumiki ao masiku onse, nagwira lonjezolo monga mau a Mfumu yosanama. Mantha anamchokera, naturuka kukayesa nyenyezi monga mwa nchito yache. Kutacha anthu okhala ndi zida anamzinga, nambwereka bwato limodzi lokha. Iye anaolotsa katundu, ng'ombe ndi anthu ache, natsala pambuyo alikuonetsa eni dziko wochi yache ndi galasi lotentha nalo zinthu padzuwa, naoloka potsiriza pa onse, mwazi wosakhetsedwa.

Za usiku umenewo anatchula mwachidule m'buku lija, kuti ena alimbike nalo lonjezo lomwelo. Koma pemphero lache lalitali, ndi kulira kwache konse pamaso pa Mulungu, zinatsala m'buku lache lolembamo za tsiku ndi tsiku, limene sanalionetsa kwa anthu. Lonjezo ndi la Akristu onse, ndipo analigawa. Kulimbana kwa mtima wache kunali pakati pa iye ndi Mulungu wache, ndipo anakusunga.

M'chaka cha 1859 anakwera Shire, naona nyanja ya Chilwa m'mwezi wa Epulo, ndi nyanja yaikuru m'mwezi wa Seputembala. M'mwezi wa Julaye 1861 anakwera mapiri athu ano pamodzi ndi Bishopu Mackenzie, ndipo pamudzi wa Mbame, kumwera kwa kumene kuli Blantyre, anamasula akapolo 84, nawadula magoli. Koma masiku osautsa anali pafupi. Bishopu anamwalira pa 31 Januwale 1862, ndipo pa 27 Epulo chaka chomwecho Mary anamwalira ndi malungo ku Shupanga, naikidwa pansi pa mlambe waukuru. James Stewart, amene anali pomwepo, anaona munthu wosaopa mikango alikulira ngati kamwana. M'buku lache lachiwiri, la m'chaka cha 1865, imfa imeneyi yalembedwa ndi mau owerengeka odekha. Chisoni chenicheni anachitsanulira m'makalata a kwa apongozi ache ndi ana ache, amene malirowo anali aonso, ndi m'buku lache lobisika lija, momwe anabvomereza kuti tsopano, koyamba m'moyo wache, analola kufa.

Wina asayese kuti Dotolo anali munthu wamanyazi ndi dzina la Ambuye. Ku Kolobeng anaphunzitsa mfumu Sechele kufikira inabatizidwa m'chaka cha 1848. Pa 4 Disembala 1857 anaima pamaso pa ophunzira a ku Cambridge nawadandaulira kuti atenge nchito imene iye adaiyamba, ndipo m'mau amenewo munaturuka mishoni ya Bishopu Mackenzie. Pa 15 Julaye 1871, ali ku Nyangwe m'dziko la Manyema, anaona ogula akapolo alikuombera anthu pamsika, ambiri a iwo akazi, ena namira mumtsinje wa Lualaba. Pepala ndi inki zidamthera, koma analemba pa nyuzi yakale ndi madzi a mbeu za mtengo, natumiza mbiriyo kuti dziko lonse limve. Pamene kukhala chete kukadapweteka mnzache, iye sanakhale chete.

Henry Morton Stanley anampeza ku Ujiji kumapeto kwa chaka cha 1871, nakhala naye miyezi inai, nadya naye, nagona naye msasa umodzi. Umboni wache ndi wakuti chipembedzo cha nkhalambayo sichinali chaphokoso kapena chodzionetsa, koma chinaoneka m'machitidwe ache ndi anthu ache tsiku ndi tsiku. Pa Sabata anali kusonkhanitsa amtengatenga ache, nawawerengera mapemphero ndi mutu wa m'Buku Lopatulika. Stanley atachoka, Dotolo anatsala yekha, ndipo pa 19 Marichi 1872, tsiku lokumbukira kubadwa kwache, analemba pemphero lodzipereka yense kachiwiri kwa Yesu, wopanda munthu womuona.

Anamwalira pa 1 Meyi 1873 pamudzi wa Chitambo, m'dziko la Ilala, kumwera kwa nyanja ya Bangweulu. Anyamata ache polowa m'khumbi usiku anampeza atagwada pambali pa kama, mutu uli m'manja. Chimene ananena ndi Mulungu pa ora limenelo palibe anachimva. Susi ndi Chuma, ameneyu Chuma ndiye Myao amene anamasulidwa m'goli m'dziko lathu lino m'chaka cha 1861, anatsogolera anzao kukwirira mtima wache pansi pa mtengo wa muula, umene eni dziko autcha mpundu. Mtembo anauumitsa, nausenza miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo, pamodzi ndi mabuku ache onse. Ku England asing'anga anauzindikira ndi fupa lija adalitswa mkango, ndipo unaikidwa m'Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874.

Akulu anati chitsime chidziwika kuya chikaphwa. Horace Waller anasindikiza mabuku a ulendo wotsiriza m'chaka cha 1874, ndi William Garden Blaikie analemba mbiri ya moyo wache wa m'kati m'chaka cha 1880, atawerenga makalata ndi mabuku amene abale ache adasunga. Pamenepo anthu anadziwa kuti ali ku Manyema, wodwala ndi wosowa, adawerenga Buku Lopatulika lonse kanai. Pamenepo anaonanso mapemphero amene adawabisa zaka zonse zija.

Mabuku omwewo aonetsa kuti sanali munthu wangwiro. Anali wouma mtima kwa Azungu anzache a paulendo wa Zambezi, nachotsa nchito Thomas Baines pa mlandu wosatsimikizika. Mkazi wache ndi ana ache anakhala zaka zambiri osamuona, nasauka nako. Kusunga pakamwa sikuyeretsa munthu, ndipo Mkristu asabise tchimo lache nalitcha chinsinsi cha Mulungu. Cholakwira mnzako chifuna kuululidwa kwa iye amene unamlakwira.

Koma pa mphatso za mumtima, njira ya Dotolo igwirizana ndi Malembo. Paulo anakhala zaka 14 asananene za masomphenya ache, ndipo powauza Akorinto ananena monga za munthu wina, natchula pomwepo munga wa m'thupi mwache. Ophunzira atatu amene anaona ulemerero paphiri analamulidwa kusauza munthu kufikira nthawi yache. Yosefe anafulumira kuuza abale ache maloto, nautsa nsanje m'nyumba ya atate wache. Komanso munthu wa ku Gerasa uja, atachiritsidwa, anatumidwa kukauza a kwao. Chotero lamulo si kukhala chete masiku onse, kapena kunena masiku onse, koma kuzindikira.

M'midzi mwathu muli Akristu amene alota maloto, ena amva chitonthozo chachikuru popemphera, ena aona pemphero lao layankhidwa modabwitsa. Zotere sitizipeputsa. Koma iwe mbale, iwe mlongo, usanaime nazo pabwalo, yamba wadzifunsa. Kodi womva adzachoka alikutama Kristu, kapena alikutama iwe? Kodi mau ako adzalimbitsa wofoka, kapena adzamchititsa kuyesa kuti Mulungu wamtaya popeza iye sanalote kanthu, monga mnyamata David anataya zaka alikulindira chizindikiro? Kodi loto lako silikuloza mnzako chala, ndi kuutsa mlandu wa ufiti pamudzi? Ngati chinthucho chikubvuta, pita nacho kwa mbusa kapena kwa mkulu wa mpingo wokhwima, achiyese ndi Malembo, monga Dotolo anauza omtuma. Ngati mnzako ali m'dzenje lomwe unaturukamo iwe, muuze, pakuti pamenepo mau ako ndi chingwe. Koma ngati palibe wofunsa ndi wosowa, chisunge.

Mlimi akabzala chimanga safukula phando m'mawa uli wonse kuti aonetse odutsa kuti mbeu yayamba kumera, akatero idzauma. Aikwirira, nalimirira, ndipo anthu adzaona ngala pa nyengo yache. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ambuye pophunzitsa za kupemphera, pa mutu 6 wa Mateyu, anatilozera kuchipinda chotseka, natiuza kuti Atate aona zobisika. Livingstone analowa m'chipinda chimenecho ali mnyamata wa pa makina a thonje, ndipo imfa inampeza momwemo. Ife okhala m'mudzi wotchedwa ndi dzina la kwao, tipemphe nzeru yomweyo: pakamwa potseguka ponena za Mpulumutsi ndi pochinjiriza wosauka, ndi mtima wodziwa kusunga zimene Atate anong'oneza mwana wao pa yekha.