Rosalind Franklin

Rosalind Elsie Franklin (25 Julaye 1920 – 16 Epulo 1958) anali katswiri wa sayansi wa ku Britain amene kafukufuku wake anathandiza kutulukira kaumbidwe ka DNA, chinthu cha m'maselo chimene chimasunga malangizo a chibadwa omwe mwana amatengera kwa makolo.

Maphunziro

Anabadwira ku London m'banja lachiyuda. Mu 1938 anayamba maphunziro ku Newnham College pa yunivesite ya Cambridge, ndipo mu 1945 analandira digiri ya PhD atafufuza timibowo ta m'malasha. Kuchokera mu 1947 ankagwira ntchito ku Paris, komwe anazama pa luso lowalitsa X-ray pa chinthu n'kuwerengetsera mmene maatomu ake anayalidwira poona momwe kuwalako kwamwazikira pa filimu.

Kafukufuku wa DNA

Mu 1951 analowa ntchito ku King's College London. Kumeneko anapeza kuti DNA imasintha maonekedwe: ikaumako imakhala mtundu A, ikanyowa kwambiri imakhala mtundu B. Mu Meyi 1952 wophunzira wake Raymond Gosling anajambula chithunzi chotchedwa Photo 51, chimene chinasonyeza kuti mtundu B ndi wopotana ngati chingwe. Kumayambiriro kwa 1953 Maurice Wilkins anaonetsa James Watson chithunzichi, Franklin osadziwa. Pa 25 Epulo 1953 Watson ndi Francis Crick analengeza m'magazini ya Nature kuti DNA ndi zingwe ziwiri zopotana. M'magazini yomweyo munalinso nkhani ya Franklin ndi Gosling.

Kafukufuku wa mavairasi

Chaka chomwecho anasamukira ku Birkbeck College, n'kuyamba kufufuza kachilombo ka tobacco mosaic, kamene kamachititsa mawanga pa masamba a fodya. Anasonyeza kuti kachilomboka n'kabowo pakati ngati bango, ndipo RNA yake imazungulira ili yobisika m'kati mwa mapuloteni. Mnzake pa ntchitoyi, Aaron Klug, amene anakulira ku Durban, anaipitiriza ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1982.

Imfa yake

Franklin anamwalira ku London ndi khansa ya m'thumba la mazira ali ndi zaka 37. Mu 1962 Watson, Crick ndi Wilkins analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha kaumbidwe ka DNA. Iye anali atamwalira kale, ndipo panapita zaka zambiri anthu asanazindikire kukula kwa gawo lake pa ntchitoyi.