Samuel Nthara, Mphunzitsi Wolemba Mabuku

Kale, anthu akatha kukolola, ana anali kusonkhana pamoto madzulo, ndipo agogo awo anali kuwafotokozera nthano ndi mbiri ya makolo. Mawu amenewo sanalembedwe. Nkhalamba ikafa, zambiri zimene inadziwa zinali kulowa nayo m'manda. Munthu mmodzi amene anaona tsoka limeneli nayesa kulichepetsa ndiye Samuel Josia Nthara, amene pa mabuku ena dzina lake lilembedwa Ntara.

Nthara anabadwa m'chaka cha 1905. Anaphunzira m'sukulu za mishoni, ndipo atakula anakhala mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, imene ili m'boma la Lilongwe. Masiku amenewo mabuku a Chinyanja anali owerengeka. Panali Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, panalinso buku la nyimbo ndi timabuku ta sukulu. Mwana wodziwa kuwerenga sanali kupeza nkhani zambiri zonena za mudzi wonga wa kwawo.

Tsono bungwe lina la ku London, losamala za zinenero za mu Africa, linaitana anthu a kuno kuti apikisane polemba mabuku m'zinenero zawo. Nthara analemba nkhani ya munthu dzina lake Nthondo. Anamtsata kuyambira kubadwa kwake, nasimba za kupulupudza kwake ali mnyamata, za ulendo wake wokafuna ntchito kutali, za kubwera kwake ndi kulowa ufumu, kufikira anatembenuka mtima. Nkhaniyo inapambana mphotho, ndipo inasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira m'busa wa ku Scotland, T. Cullen Young, anaimasulira m'Chingerezi naitcha Man of Africa. Motero anthu a kutsidya la nyanja anawerenga za moyo wa pamudzi wa Achewa monga anaufotokozera mwana wa m'dziko lomwelo.

Nthara sanalekere pomwepo. Anafunsa akuluakulu za chiyambi cha mtundu wawo, nalemba zimene anamva m'buku lotchedwa Mbiri ya Achewa, limene linatuluka m'zaka za m'ma 1940. M'menemo muli za Aphiri ndi Abanda, za Kalonga ndi Undi, za Makewana wopempha mvula ku Msinja, ndi za Akafula amene makolo anawapeza m'dziko muno.

Za Akafula amenewa nthano zichuluka. Akuti anali anthu aafupi, osaka nyama ndi mauta ndi mivi. Mmodzi wa iwo akakomana ndi mlendo, anali kumfunsa kumene anayamba kumuonera. Mlendo akati anamuonera patali, Kafula anali kukondwa, popeza anadziyesa wamtali. Koma akati anamuonera pafupi, anali kukwiya namlasa. Chifukwa cha funso limenelo anthu anawatcha Amwandionerapati. Mitundu ina ilinso nazo nthano za anthu aang'ono. Angerezi amasimba za timizimu tovina m'nkhalango usiku wa pakati pa dzinja lawo lofunda, m'mwezi wa June, pamene kuno kuli chisanu, ndipo William Shakespeare anatiika m'sewero lake lina. Koma timizimu ta Angerezi ndi ta m'nthano chabe, pamene Akafula anali anthu enieni. Zojambula zofiira za m'mapanga a Chongoni ku Dedza akatswiri ati ndi ntchito ya manja awo, ndipo mu 2006 malowo anawerengedwa pamodzi ndi malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi.

Nthara analembanso buku la Nchowa, ndi mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi, imene inatuluka m'Chingerezi mu 1949, ndiponso mbiri ya Namon Katengeza, mmodzi wa abusa awiri oyamba a kuno a Mishoni ya Nkhoma, amene anadzozedwa mu 1925. Mbiri ya Achewa nayonso inamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. Mwini wake anamwalira mu 1976, patapita chaka chimodzi chikhalire Lilongwe likulu la dziko.

Mzinda umenewo wakula kwambiri tsopano. Ana ambiri abadwira ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona, kutali ndi agogo awo. Iwo amwa madzi a mtsinje wa Lilongwe wochokera ku mapiri a Dzalanyama, koma ena sanamvepo za Kaphirintiwa wa kumapiri komweko, kumene makolo ati anthu oyamba anatsikira nasiya mapazi awo pathanthwe. Kwa ana otere buku lilowa m'malo mwa nkhalamba ya pamoto.

Mwana wa kumudzi ali ndi mwayi woposa, pakuti ali nazo zonse ziwiri. Sukulu ikatsekedwa pa tchuthi chachikulu, iye achita bwino kubwereka Nthondo kapena Mbiri ya Achewa kwa aphunzitsi ake, ndi kuwerenga masana atatha ntchito za pakhomo. Madzulo akhale pansi pafupi ndi agogo ake, awafunse za Akafula ndi za kumene anachokera makolo a pamudzipo, ndipo zimene amve azilembe m'kope lake agogowo akali moyo.