Harriet Martineau: mayi yemwe mabuku adamuiwala

Akamatchula anthu amene adayambitsa maphunziro a kakhalidwe ka anthu, omwe pa Chingerezi amati sociology, ambiri amangotchula abambo okhaokha: Auguste Comte, Karl Marx, Emile Durkheim ndi Max Weber. Komatu padali mayi wina amene adagwira ntchitoyi Durkheim ndi Weber asadabadwe n'komwe.

Harriet Martineau adabadwa pa 12 June 1802 mumzinda wa Norwich ku England. Mlongo wake James adapita ku koleji, koma iye sadapite poti nthawiyo sukulu za ukachenjede sizinkalandira akazi. Makutu akenso adayamba kugontha akadali mtsikana, moti atakula ankamvera m'kachipangizo konga lipenga.

Bizinesi ya banja lawo itagwa mu 1829, Martineau adayamba kudzidyetsa ndi cholembera. Pakati pa 1832 ndi 1834 adalemba tinthano tofotokozera anthu wamba momwe chuma chimayendera, ndipo tidayenda malonda kwambiri.

Mu 1834 adapita ku America komwe adakhala zaka ziwiri akuyendera ndende, sukulu ndi minda yolimidwa ndi akapolo. M'buku lake la mu 1837, Society in America, adaonetsa kuti dziko lonyadira ufululi linkasunga akapolo komanso kumana amayi mwayi wamaphunziro ndi wovota.

Chaka chotsatira adatulutsa How to Observe Morals and Manners, buku lolangiza momwe munthu angafufuzire khalidwe la anthu popanda kukondera. Buku la Durkheim la njira zofufuzira lidadza patatha zaka 57.

Mu 1853 adamasulira m'Chingerezi mabuku 6 a Comte ndi kuwafupikitsa kukhala awiri. Comte mwiniwake adayamikira ntchitoyo.

Mayiyu adamwalira pa 27 June 1876 ku Ambleside. Yunivesite ya London idayamba kulola akazi kulandira madigiri mu 1878, pamene ya Cambridge idadikira mpaka 1948. Choncho maphunzirowa atakhazikika m'mayunivesite, adali m'manja mwa abambo, ndipo Martineau adalibe ophunzira oti apitirize dzina lake. Ambiri adangomukumbukira ngati womasulira mabuku a Comte.

Zinthu zidayamba kusintha m'zaka za m'ma 1970 pamene akatswiri achizimayi, monga Alice Rossi wa ku America, adafukula zolemba zake. Lero ambiri amamutcha mayi woyamba m'maphunzirowa, ulemu omwe udabwera patatha pafupifupi zaka 100 mwiniwake ali m'manda.